Chingwe cha Mfundo Makumi Anayi

Mvera, 5 Malichi 1906

Alongo anga a Elifala,

Moni wochuluka kwa inu, kwa alamu anga a Manesi ndi kwa kamwana kanu Gideoni. Muli bwanji kumeneko ku Kabula? Ine kuno ku nyumba ya atsikana pa mishoni ndili bwino, kungoti mvula yatinyowetsera nkhuni sabata yonse, ndipo tonse tikununkha utsi.

Nkhani ndi iyi. Abusa atipatsa tsiku, ine ndi a Kalebe, aphunzitsi aja ndinakuuzani chaka chatha. Ukwati wathu udzadalitsidwa Lachinayi pa 24 Meyi, akatha mapemphero a Kukwera Kumwamba kwa Ambuye. Tsiku lina palibe. Ikangopita Pentekoste abusa anyamuka ulendo wa miyezi yambiri, ndipo a Kalebe akutumidwa kukatsegula sukulu yatsopano kwa Dzoole kumayambiriro kwa Juni. Mphunzitsi wosakwatira samutumiza kumudzi wachilendo. Tsikuli likatiphonya, sukuluyo apatsa wina, ife n'kudikira mpaka chaka chamawa.

Amalume anatisiya, ndiye nkhoswe wanga ndinu. Pemphani tchuthi msanga.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi amayi. Ndinapita ku Ntchisi mwezi watha kukawauza. Ndinawapeza akupalira mtedza, ndipo sanaweramuke n'komwe. Anangoti, "Ndamva." Nditanena kuti tikakhala kwa Dzoole, anati, "Ndiye kuti ndinabereka mwana wamkazi kuti mkamwini wanga azikalima minda ya eni?" Mukudziwa inu kuti kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Za chitengwa amayi safuna kuzimva. Ponyamuka ndinawasiyira pepala lolembedwa tsikulo. Analitembenuza uku ndi uku, nati, "Ili lidzandidzutsa m'mawa wake? Kapena lidzatsokomola?" Kenaka analipanira pa denga.

Alongo anga, ine ndatsimikiza mumtima: popanda amayi sindidzaima kutsogolo kwa mpingo. A Kalebe ndawauza zimenezi. Anangokanda m'mutu.

Ngati m'masitolo a kumeneko muli nsalu yoyera yosakwera mtengo, munditumizire mikwamba itatu kuti ndiyambe kusoka. Mundiuzenso za Gideoni, ngati wayamba kukwawa.

Ndine mlongo wanu,
Lidia

Kabula, 21 Malichi 1906

Mlongo wanga Lidia,

Kalata yako inafika dzana, itayenda masiku khumi ndi anayi. Tonse tili bwino. Gideoni akukwawa, wamera mano awiri, ndipo akuwayesa pa chilichonse, ngakhale pa buku langa la nyimbo.

Tchuthi ndapatsidwa. Ndidzakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Domira, n'kukwera mapiri wapansi, ndipo ndidzafika pa Mvera kutatsala masiku angapo. Manesi atsala ndi mwana. Nsalu ili m'phukusi lomweli.

Tsiku lakolo ine ndinalidziwa iwe usanalidziwe, chifukwa ndine ndinasanja zilembo za kalendala ya chaka chino kuno ku nyumba yosindikizira mabuku. Kabokosi ka 24 Meyi kanandivuta, popeza zolembamo zinali ziwiri koma malo a chinthu chimodzi. Choyamba ndi Kukwera Kumwamba, tsiku limene limasendera chaka ndi chaka potsata Pasaka. Chachiwiri ndi kubadwa kwa Mfumukazi Vikitoria m'chaka cha 1819. Iye anamwalira zaka zisanu zapitazo, koma Angerezi tsiku lake akulisungabe ndi mbendera ndi mipikisano ya liwiro. Masiku awiriwa sakumana kawirikawiri. Chaka chamawa adzatalikirana milungu iwiri.

Nditawerenga kalata yako ndinabwereka kwa akapitawo athu buku lofotokoza zimene zinachitika pa tsiku lililonse la chaka. Pa 24 Meyi 1543 anamwalira munthu wa ku Polandi amene anasonyeza kuti dziko ndilo limazungulira dzuwa. Pa 24 Meyi 1844, ku Amereka, anatumiza uthenga pa waya kuchoka mumzinda wina kufika mumzinda wina, anthu n'kuzizwa. Wayawo ndi wonga uja wadutsa ku Domira. Bukulo likuti imeneyi ndi nyengo ya mphukira, pamene mitengo ikutulutsa masamba atsopano. Mlembi wake sanaganizeko kuti kuli dziko limene pa tsikulo anthu amakhala akukolola chimanga.

Tsopano za amayi. Usaweruze munthu pa mawu ochepa amene wanena atagwira khasu. Sanati akana. Chimene anadandaula poyera ndi pepala, ndipo pamenepo sanalakwe: pepala ndi la anthu owerenga. Choncho ndachita monga ankachitira atate popita kukagula mchere, pamene ankawasiyira amayi luzi la mfundo kuti adziwe tsiku lobwerera. Ndatenga chingwe chomangira mapepala, ndamangapo mfundo makumi anayi, chifukwa kuchokera pa Pasaka kufika pa Kukwera Kumwamba ndi masiku makumi anayi, powerenga ndi Pasaka yemwe. Ine ndaziwerenga katatu, Manesi kamodzi.

Uchipereke kwa a Yosefe, mlaliki amene amayendera midzi ya kwathu, kuti akawapatse pa tsiku la Pasaka, 15 Epulo. Amasule mfundo imodzi m'mawa uliwonse kuyambira tsikulo. Zikatsala zitatu anyamuke, pakuti ndi ulendo wa masiku atatu pa miyendo yawo. Yomaliza adzamasulira pa Mvera, m'mawa wa ukwati wako. Apa palibe chimene chingalakwike.

Ndine mlongo wako,
Elifala

Mvera, 9 Epulo 1906

Alongo anga a Elifala,

Moni nonse. Phukusi lafika bwino, zikomo kwambiri. Nsaluyo atsikana onse aigwiragwira mpaka ndaibisa pansi pa mphasa.

Ndakufunsani za ukwati wanga, inu mwandiyankha za munthu wa ku Polandi. Kodi ameneyo adzabwera? Nanga a waya aja tiwakonzere malo? Kalata yanu ndinawawerengera a Kalebe, ndipo akuti za dziko lozungulira dzuwa akaphunzitsa ana kwa Dzoole, koma osati sabata yoyamba, kuopa kuti makolo angawachotse ana onse pa sukulu.

A Yosefe anali kuno ku msonkhano wa alaliki, ndipo chingwe anyamuka nacho lero. Akuti Pasaka akadyera kumudzi kwathu komweko. Ndawapempha kuti akawalembere amayi kalata yopita kwa inu. Mwina kwa inu adzanena zimene kwa ine akubisa. Paja inu amakumverani. Ine amati ndine mwana.

Lidia

Ntchisi, 26 Epulo 1906

Kwa a Elifala ku Kabula,

Ndine Yosefe mlaliki. Ndikulemba mawu a mayi anu a Nambewe monga akutulukira m'kamwa mwawo, osachotsera, osawonjezera.

Mwana wanga Elifala, moni. Ndili moyo. Mwendo uja ukadali pomwepo, m'mawa umakana, dzuwa likakwera umavomera. Chimanga chacha bwino. Anyani atenga gawo lawo, ife tatsala ndi lathu. Umupatse moni mkazi wako. Akuti mdzukulu wanga wamera mano. Mwana akumera mano agogo ake asanamuone n'kamodzi komwe, kodi zimenezi kumeneko ndi zololedwa?

Chingwe chako chafika. Ichi ndiye chinthu cha nzeru, osati chipepala chija anandisiyira mlongo wako. Ndachipachika pa nsanamira m'nyumba, ndipo palibe wochikhudza koma ine. Ndikuchisunga mwaulemu monga chinthu cha ku tchalitchi kwanu, potsata malamulo anu onse, ngakhale ine sindine wa kumeneko. Lero ndachitulutsa panja kuti a Yosefe awerenge. Akuti zatsala makumi atatu.

A Yosefe omwewa andiuza kuti tsikulo lili ndi eni ake ambiri. Akuti kuli mfumu yaikazi ya azungu imene inafa kale, koma chaka ndi chaka amasonkhana kuikumbukira. Limenelo ndi bona, palibe dzina lina. Nanga bwanji lathu mumatiletsa? (Awa ndi mawu awo, si anga. Yosefe.) Akutinso ndi tsiku limene Yesu wanu anakwera kumwamba. Ndiye mwana wanga akalowe pakati pa akuluakulu oterewa? Miphika itatu pa mafuwa amodzimodzi, wina adzadya zosapsa. Kodi masiku anatha kwa abusawo?

Za kwa Dzoole sindinena zambiri. Iwe unapita ku Kabula, sindinalire pamaso pa anthu. Uyu naye akupita. Nkhokwe ikagwa ndidzaimika ndi ndani? Anzanga akamwini awo amawafolerera nyumba, ine ndimangoonerera. Koma zimenezo ndi zanga. Mapira a chimera cha thobwa ndasankha kale, ndidzaviika zikatsala mfundo khumi. Nkhuku ziwiri ndazipatula, chitopa chikapanda kuzitenga. Mwana wa Nambewe sakwatiwa chimanjamanja ngati wamasiye.

Ubwere ndi singano zazikulu ziwiri, ndi mpeni ngati ulipo wabwino. Mawu anga athera pamenepa.

Ine Yosefe ndikuwonjezera moni wanga. Anthu kuno akubwera bwino ku mapemphero. Mayi anu amakhala chapatali pa chitsa, koma amamva zonse, ndipo saiwala kanthu.

Mvera, 10 Meyi 1906

Alongo anga a Elifala,

Kalatayi ndikuitumiza ku Domira kuti ikakudikireni kwa kalaliki wa padoko, chifukwa ku Kabula ikanakupezani mutanyamuka. Ndikhulupirira mwayenda bwino pa madzi. Ine thupi lili bwino, mtima ayi.

A Kalebe anapita kumudzi kukaona amayi ndi kukasiya mchere pang'ono. Lolemba pa 7 Meyi, amayi atamasula mfundo ya m'mawa umenewo, anachitulutsa chingwe monyadira kuti aphunzitsi aone. A Kalebe anawerenga kawiri. Zinatsala makumi awiri ndi imodzi, pamene zimayenera kutsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zapyola zinayi.

Mukudziwa kuti mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Anakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula kudzera mwa a Yosefe. Anati, "Muwauze amayi kuti chingwe chatsalira m'mbuyo, amasule zinayi lero." Amayi anayankha mokweza kuti ndi kuseri komwe kumveke: "Chingwe anamanga ndi mwana wanga wopanga mabuku ku Kabula. Ine sindinadumphe tsiku langa ngakhale limodzi. Aphunzitsi ali ndi changu chotenga mwana wa eni, ndiye akufuna kudula masiku. Palibe womasula pano koma ine, ndipo wondiuza kuti ndalakwa ndi mwini chingwe yekha." Anachilowetsa m'nyumba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Alongo anga, ine ndikuziona bwino. Mfundo sizibereka. Amayi akuzimanganso mwadala. Safuna kunena kuti akana, ndiye akufuna adzafike ukwati utadutsa, adzati chingwe ndicho chinawanamiza. Ndalira mpaka amayi otiyang'anira andifunsa ngati ndikudwala malungo. Diresi ndamaliza kusoka, koma sindikudziwa ngati ndidzalivala. Ndikudziwa kuti a Kalebe sukulu ija akuifuna ndi mtima wonse, ndipo ndikakana kuima ndidzakhala nditawalanda. Komabe mawu anga ndi omwe aja.

Fikani msanga, mudzandiuze chochita.

Lidia

Domira, 18 Meyi 1906

Mlongo wanga Lidia,

Moni. Ndatsika m'sitima m'mawa uno, ndipo kalata yako ndaipeza. Iyi ndikupatsira amtengatenga amene akukwera ndi katundu wa mishoni, ikupeza Lolemba.

Pukuta misozi, tiwerenge. Ndili ndi kalata ya amayi ya pa 26 Epulo. Tsiku limenelo zinatsala 30, pamene zimayenera kutsala 28. Ndinaziona ndili ku Kabula, koma ndinangoti a Yosefe asokoneza powerenga. Pamenepo ndinachita ulesi. Tsopano iwe ukuti pa 7 Meyi zinapyola zinayi. Munthu wofuna kuzengereza sazengereza mwa dongosolo chotere. Ndatulutsa kalendala, ndafunafuna chinthu chimene chinachitika kawiri pofika pa 26 Epulo, kanayi pofika pa 7 Meyi. Ndachipeza chimodzi chokha: Lamulungu. Pa 15 ndi pa 22, ndiye awiri. Kuwonjezera pa 29 ndi pa 6, ndiye anayi. Amayi samasula mfundo Lamulungu. M'kalata yawo ananena okha kuti akusunga chingwe potsata malamulo athu onse, ndipo ine ndinawerenga mawuwo osawamva.

M'kalata yomweyo akunena za chimera cha thobwa ndi nkhuku ziwiri zimene apatulira ukwati wako. Munthu wokana sapatula nkhuku. Kudandaula akudandaula ndithu, koma akubwera. Kungoti akubwera pa 30 kapena pa 31.

Popeza ananena kuti wowauza ndi mwini chingwe yekha, sindibwera kumeneko tsopano. Ndikukwera ku Ntchisi. Ndiyenda mawa ndi mkuja. Mkujalo ndi Lamulungu, ndikudziwa. Akulu a mpingo akadzandifunsa ndidzawayankha ndekha. Tikanyamuka kumudzi Lolemba m'mawa, tifika Lachitatu madzulo, mwendo wa amayi ukalola. Choopsa chilipo, ndipo sindikubisira: tikachedwa panjira, udzasowa amayi ndi nkhoswe yemwe. Ndikanabwera ndekha ukanakhala ndi nkhoswe wopanda ntchito, popeza wati popanda amayi suima. Ndiye njira ndi imodzi yomweyi.

Uwauze a Kalebe kuti anawerenga bwino.

Elifala

Mvera, 25 Meyi 1906

Amake Gideoni,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndili bwino, mapazi okha ndiwo atupa. Ndichedwa kubwerera ndi sabata imodzi, uwadziwitse akapitawo. Chifukwa chake uchimva kumapeto. Ndikuuza zonse mwa dongosolo lake, poyambira pa chingwe chija unandithandiza kuwerenga.

Ku Domira ndinapeza kalata ya Lidia yonena kuti mfundo za amayi zapyola, ndipo amayi akukana kuwongoleredwa ndi wina aliyense koma ine. Nditayerekeza masiku ndinaona kuti amadumpha Lamulungu. Choncho m'malo mopita ku Mvera ndinakwera ku Ntchisi, ndipo ndinafika kumudzi Lamulungu dzuwa litapendeka. Ndinawapeza amayi pakhonde akusenda mtedza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Elifala! Lero si Lamulungu kodi? Wayenda bwanji?"

"Ndi miyendo, amayi."

"Ndiye kuti ku Kabula Chikhristu chinatha?"

Nditamwa madzi ndinapempha chingwe. Zinatsala khumi, pamene zimayenera kutsala zinayi. Ndinafunsa ngati lero amasula.

"Lero? Mwana iwe, a Yosefe amalalikira pansi pa mkuyu apo kuti tsiku limeneli Mkhristu samanga mtolo, samasula mtolo. Ine makutu ndili nawo."

"Koma inu mukusenda mtedza."

"Mtedza ndi wanga, ndipo ine ndine wakunja. Chingwe ndi chako. Ndikanamasula ndikanakuchimwitsa iwe mwini wake, uli kutali osadziwa kanthu."

Ndinawafotokozera kuti m'masiku makumi anayi aja muli ndi Masabata omwe, ndi kuti ukwati ndi Lachinayi likubwerali. Anasiya kusenda.

"Ndiye unamangamo ndi Masabata? Iwe wobatizidwa, kundimangira ntchito ya Lamulungu? Wolakwa ndiwe."

Amake Gideoni, ukundidziwa kuti pa nkhani ya manambala sindigonja msanga. Ndinali ndi kalendala m'thumba, ndipo ndinayamba kuitulutsa. Koma ndinaganiza: mfundo ndinawerenga katatu, zinali zolondola katatu konse, koma sindinafunse n'kamodzi komwe kuti zikupita m'manja mwa ndani. Ndinabweza kalendala m'thumba.

"Wolakwa ndine, amayi."

"Basitu. Koma mawa sindinyamuka. Chimera ndaviika dzulo lomweli. Ndikafike kwa anthu chimanjamanja?"

"Lidia akuti popanda inu sakwatiwa. Tsikuli likadutsa, ndiye mpaka chaka chamawa, ndipo a Kalebe sukulu ataya."

Anayang'ana m'lichero.

"Wanena yekha zimenezo?"

"Walemba kawiri. Akuganiza kuti mukumanganso mfundo mwadala kuti musabwere."

"Ine? Kumanganso?" Anaimirira mwachangu mpaka mtedza unatayika. "Kandimvereni kamwana aka! Ndikafuna kukana ndimakana ndi pakamwa. Dzuka, kagwire nkhuku zija zisanakwere mumtengo."

Tinanyamuka Lolemba tambala atalira kachiwiri, ine nditanyamula nkhuku ndi mtanga wa mtedza, iwo ndodo ndi chingwe chawo m'chiuno. M'mawa uliwonse ankayamba amasula mfundo imodzi, imodzi yokha. Tsiku loyamba tinayenda bwino. Lachiwiri mwendo unatupa, ndipo tinkapuma pa mtsinje uliwonse. Pa boma la Dowa tinafika Lachitatu masana, pamene ndinkayembekeza kudutsapo Lachiwiri. Ndinafunafuna anthu oti awanyamule pa machira, koma amuna onse anali pa ntchito ya tsiku la Mfumukazi: ena akuimika mitengo ya mbendera, ena akulambula bwalo la liwiro, ena akudikira mpikisano wa mawa lake. Amayi anakhala pamwala kuonerera kwa nthawi yaitali, kenaka anafunsa msilikali wina kuti mowa wa bonalo aphikira kuti. Msilikaliyo atati kulibe mowa, anapukusa mutu, nati, "Mfumu yaikazi yonseyo, kuikumbukira ndi kuthamanga basi? Anthu awa alibe chisoni."

Tinagona pamudzi wina kutatsala mtunda wa maola atatu. Lachinayi tinadzuka kusanache bwino, kukuzizira, mame ali thoo. Amayi ankayenda atatsamira phewa langa. Belu la pa Mvera tinalimva tili pamwamba pa chitunda, ndipo pamene tinkatsika linali litaleka kale. Ndinawerenga mumtima kuti nyimbo ziwiri, pemphero, mawu, ulaliki. Ndinathokoza kuti abusa athu salalikira mwachidule.

A Kalebe tinawapeza ataima pakhomo la tchalitchi, khutu limodzi m'kati, maso onse ku njira. Atationa anavula chipewa, n'kutembenukira kukhoma mwaulemu kuti apongozi awo adutse. Lidia sanali m'tchalitchi. Anali atakhala kuseri kwa nyumba ya atsikana, atavala nsalu yake ya kumunda, diresi loyera atalipinda pamiyendo. Atawaona amayi anagwada pomwepo.

"Ukundiyang'ana chiyani?" anatero amayi. "Sunandionepo? Kavale, anthu akudikira. Ndipo upukute kumasoko, angati ndakumenya."

Ukwati unadalitsidwa dzuwa lili pamutu. Pofunsa za nkhoswe ndinaimirira ndi fumbi langa lonse, nthenga za nkhuku zili pa jekete. Amayi anakana kulowa m'kati. Anakhala pansi pakhomo penipeni, pamene ankaona zonse, ndipo anthu otuluka ankachita kuwalambalala. Pa nyimbo yomaliza ndinawaona akugwedeza mutu motsatira. Thobwa anaphika ndi azimayi a pa mishoni. Amayi analawa, nati n'lopanda mphamvu, kenaka anamwa zikho ziwiri.

Madzulo tinakhala pabwalo, ife a banja tokha. A Kalebe, atakhala chapatali chofulatira, anandipempha kuti ndiwauze amayi kuti iwo ndi Lidia anyamuka Loweruka kupita kwa Dzoole, kuti akayambe kudula mitengo ya nyumba sukulu isanatsegulidwe. Amayi anamasula chingwe m'chiuno, nachiyala pa bondo. Analankhula ndi ine, koma mokweza.

"Uwauze aphunzitsi kuti pano zatsala zisanu ndi imodzi. Masiku amenewa unandipatsa ndiwe, ndipo sindinawadye. Ndi anga. Mwana wanga sachoka pano mpaka nditamasula yomaliza. Ndikatero amutenge, ndawapatsa. Ndipo akamange nyumba yokhala ndi khonde lalikulu, chifukwa ndizidzabwera."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze kuti mfundo zimenezo ndi za masiku amene anapita kale, koma Lidia anandiponda phazi lotupa lija, ndipo ndinatseka. Ndi chifukwa chake ndichedwa: ndiyenera kuwadikira kuti ndiwaperekeze ku Ntchisi.

A Kalebe anawerenga pa zala, akuyang'anabe kumbali. Anati, "Alamu, muwauze amayi kuti ndavomera. Ndiye kuti yomaliza amasula Lachitatu."

Amayi sanadikire kuti ndiwauze.

"Lachinayi," anatero. "Lamulungu sindimasula."

Ndine mwamuna wako,
Elifala